Kapu Imodzi ku Tafara

Lolemba, fumbi la simenti litagona pa madesiki,
ndinalemba pa bolodi ndi kachoko kotsala ngati dzino:
ULEMU. KULOLERANA.
Ana makumi asanu ndi atatu anabwereza pambuyo panga
monga amachitira pochulukitsa manambala,
pakamwa pakuyenda, maso ali pa zenera.
Ndinachonga m'buku langa: phunziro latheka.

Mipope ya kuno inasiya kulankhula kalekale,
imangotsokomola mphepo.
Madzi athu ndi ndowa imodzi pakhomo la kalasi,
yotungidwa ku mjigo kusanache,
ndi kapu imodzi yobiriwira, yothyoka chogwirira.

Pa buleki Asiyatu anamwa, napukuta pakamwa,
napereka kapu kwa wotsatira.
Kudzanai anabisa manja kumbuyo.
"Sindimwera pomwe wamwera mubulandaya.
Kwanu n'kuti inu? Munangotsata njanji."
Mzere wonse unaseka.
Ena sankadziwa n'komwe chomwe akuseka.
Mwana anangoti njo, kapu m'manja,
mpango wake woyera utapendekeka,
ngati wagwidwa akuba.

Malamulo a kalasi ali pakhoma, khumi,
ndinawalemba ndekha ndi inki yofiira.
Koma mawu aja sanagwere Asiyatu yekha.
Anadutsa pamutu pake n'kundipeza ine,
ine Mayi Mukwashi, dzina la amuna anga
lomwe ndavala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
ngati jasi yobwereka,
ine mwana wa Saizi wa ku Ntcheu
amene anasenza matumba mpaka chifuwa chinauma gwa,
chitupa chikumutchabe mlendo
mu mzinda womwe makoma ake anadutsa pamsana pake.
Chichewa changa ndimachisiya pa geti
pamodzi ndi amayi ogulitsa mbuliwuli,
n'kuchitola poweruka.

Ndiye ndakhala ndikuphunzitsa chiyani?
Kulolerana kwa munthu wobisala
kuli ngati kuitana alendo uli kunsi kwa bedi.

Ndinatambasula manja onse awiri.
"Tandipatsa, mwanawe, ndimweko nane."
M'chilankhulo chakwathu, mokweza,
bwalo lonse likumva.
Madzi anali ofunda, onunkha chitsulo.
Ndinagugudiza mpaka pansi.
"Zikomo kwambiri."
Panalibe woseka,
kupatula khwangwala pa denga la chimbudzi.

Titalowa ndinafufuta bolodi.
Ndinafunsa: ichi tamwachi, kunyumba mumati chiyani?
Mvura, anatero ambiri.
Nkosilathi anati amanzi, akuyang'ana pansi.
Asiyatu ananong'ona: madzi, koma bambo amati mesi.
Kamnyamata ka kumbuyo, kamene makolo ake anachokera ku Tete,
kanadzuka modabwa: ifenso madzi!
Ndinafuna kutsekera ndi mwambi wokoma,
belu linandilanda pakamwa.
Mwina linachita bwino.

Sindinama kuti Kudzanai anasintha.
Lachiwiri anabwera ndi botolo lakelake.
Lachitatu mayi ake anali kwa ahedi,
mawu akutulukira pa zenera.
Mphunzitsi mnzanga, tikumwa tiyi,
anandiyang'ana ngati ndameta mbali imodzi:
"Zaka zonsezi, simunanenepo."
Inde, sindinanene.
Usiku umenewo ndinalota abambo
akugogoda pa geti la sukulu, oyera ndi fumbi,
mlonda akuwafunsa kuti akufuna ndani.

Lachisanu dzuwa linakhala paliwombo.
Botolo lija linatha nthawi isanakwane.
Ndinamuona pa zenera akuzungulira ndowa
ngati galu wokana kuti ali ndi njala.
Anayang'ana uku, anayang'ana uko,
natunga, namwa msangamsanga,
madzi akutsikira m'khosi la yunifolomu.
Pambuyo pake panali Asiyatu, akudikira.
Anampatsa kapu, nkhope itayang'ana kumbali.
Iye analandira ndi manja awiri.

Ndinatsegula buku langa,
cholembera chili m'manja.
Muli mizere ya masamu, ya kuwerenga, ya ojomba.
Malo ochongapo zimenezi mulibe.